Musazikweche, musathamangire kuzigulitsa: kusonkhanitsa mamendulo asiliva ndi ndalama zachitsulo

M'makomo ambiri muno muli kachitini, kapena kansalu komanga mfundo, momwe akuluakulu ankasungamo makobidi akale. Mukatsegula mumapeza khobidi loboola pakati la nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, tiki amene agogo aamuna anabwera naye kuchokera ku migodi ya ku Joni, sheleni ya mutu wa Kamuzu, mwinanso mendulo ya msilikali wa King's African Rifles (KAR) yokhala ndi kansalu kothetheka. Zinthu zimenezi sizitha ndi ukalamba ayi. Zimatha ndi manja athu. Wina amazitenga n'kuzikwecha ndi phulusa kuti ziwale, wina amazipereka kwa munthu woyenda khomo ndi khomo pa mtengo wa botolo la mafuta ophikira, ndipo winanso amamva mphekesera yoti ndi mamiliyoni n'kuyamba kukangana ndi abale ake pa chinthu chimene mtengo wake sungagule ngakhale nkhuku.

Kusonkhanitsa ndalama zachitsulo ndi mamendulo ndi ntchito yokoma, ndipo banja lililonse lingathe kuiyamba popanda kuononga ndalama zambiri. Koma imafuna kuti munthu adziwe kaye chimene wagwira m'manja asanachite nacho china chilichonse.

Ndalama, mendulo ndi seti

Ndalama imatulutsidwa ndi boma kudzera ku banki yaikulu, ndipo pamakhala dzina la dziko komanso mtengo wake, monga 10 tambala kapena 5 kwacha. Mendulo ilibe mtengo wolembedwa. Imapangidwa pokumbukira chochitika china, polemekeza munthu, kapena kupereka kwa msilikali ndi wopambana pa mpikisano. Aliyense amene ali ndi makina osulira zitsulo angathe kupanga mendulo, n'chifukwa chake mamendulo achikumbutso ndi amene anthu amanamizidwa nawo kwambiri.

Seti imene ogulitsa amaitcha mint set ndi ndalama zonse za chaka chimodzi, imodzi pa mtundu uliwonse, zimene fakitale yosula ndalama imaziika m'katoni kapena m'pulasitiki zisanalowe m'manja mwa anthu. Palinso proof set. Ndalama za mu seti yotereyi zimadindidwa ndi zidindo zopukutidwa bwino, kawirikawiri koposa kamodzi, moti malo osalala amaoneka ngati galasi pamene chithunzi chimatumphuka bwinobwino. Dziwani ichi musanatulutse ndalama zanu: kukhala m'kabokosi kokongola si umboni woti ndalamazo ndi zasiliva. Maseti ambiri ndi a zitsulo wamba zomwezo zimene zimapangira ndalama za pamsika.

Yambani ndi zathu

Ine ndimalangiza aliyense kuyamba ndi ndalama za dziko lathu lino, chifukwa n'zosavuta kupeza ndipo akuluakulu amene anazigwiritsa ntchito adakalipo oti atiuze zimene ankagula nazo. Mu 1964, chaka chimene tinalandira ufulu wodzilamulira, panatuluka ndalama zinayi zokhala ndi nkhope ya Dr Hastings Kamuzu Banda: ya mapeni 6 yokhala ndi tambala, sheleni yokhala ndi chimanga, florin yokhala ndi njovu, ndi half crown yokhala ndi chizindikiro cha boma. Mu 1966 panatuluka crown yaikulu yokumbukira kuti Malawi wakhala lipabuliki, ndipo peni inabwera mu 1967. Mu 1971 tinasiya mapaundi n'kuyamba kwacha ndi tambala, makwacha awiri kukhala paundi imodzi. Mukaika sheleni ya 1964 pafupi ndi 10 tambala ya 1971 muona kuti n'zofanana kukula ndipo zonse zili ndi chimanga, chimodzimodzinso florin ndi 20 tambala, zonse za njovu. Zinathandiza kuti anthu asasokonezeke pa nthawi yosintha ndalama. Pambuyo pake kunabwera 50 tambala ndi 1 kwacha za 1986, za nkhope ya Bakili Muluzi za 1995 ndi 1996, K5 ndi K10 zolemera zija za zitsulo ziwiri za 2006, kenako zing'onozing'ono za 2012.

Mwana wa sitandade 6 angathe kudzaza mndandanda umenewu pofunsa kwa azakhali, kwa amalume ndi kwa anthu amene akhala ndi magolosale kwa zaka zambiri. Palibe ndalama ngakhale imodzi mwa zimene ndatchulazi imene ili ndi siliva. Zoyerazo ndi mkuwa wosakaniza ndi nikelo ndi zitsulo zina, ndipo zina zaposachedwa ndi chitsulo wamba.

Zasiliva za Malawi zilipo, koma sizinayendepo pamsika. Zinapangidwira anthu osonkhanitsa. Zodziwika bwino ndi 10 kwacha ya 1974 yokumbukira zaka 10 za ufulu wodzilamulira, 10 kwacha ya 1975 yokumbukira zaka 10 za Reserve Bank of Malawi, komanso za 1978 zolimbikitsa kusamala nyama zakutchire: 5 kwacha ya mbidzi ndi 10 kwacha ya mphalapala. Zambiri mwa izi zinagulidwa ndi anthu akunja, choncho n'kosavuta kuzipeza kwa ogulitsa a ku Britain kapena ku South Africa kusiyana ndi ku Limbe. Ngati muli ndi m'bale kumeneko amene amakufunsani mphatso yoti abwere nayo, imodzi mwa izi ndi yabwino kuposa zambiri zimene timaitanitsa.

Chenjerani ndi ndalama zambirimbiri za m'zaka za m'ma 2000 zolembedwa kuti Malawi, zojambulidwa nyama, mpira kapena anthu otchuka akunja, zina zopakidwa utoto. Zinapangidwa ndi makampani akunja kuti azigulitsa kwa osonkhanitsa, ndipo zambiri ndi zongokutidwa siliva pamwamba.

Siliva weniweni ali m'zaka ziti

Apa ndi pamene pali phindu la kuwerenga chaka, ndipo ndikupemphani kuti zaka izi muzilembe kumayambiriro kwa kope lanu.

Ndalama zoyera za ku Britain zofika chaka cha 1919 zili ndi magawo 925 a siliva pa magawo 1,000 aliwonse. Kuyambira 1920 mpaka 1946 siliva anatsika n'kukhala theka. Kuyambira 1947 munalibenso siliva. Za Southern Rhodesia, zimene zinkayendanso kuno ku Nyasaland, zinali za 925 kuyambira 1932 mpaka 1942, za theka kuyambira 1944 mpaka 1946, ndipo kuyambira 1947 zinakhala za mkuwa ndi nikelo, kupatula crown ya 1953 ya nkhope ya Cecil Rhodes imene ili ndi theka la siliva. Za chitaganya zimene anthu ankagulira zinthu kuyambira 1955, kaya ndi sheleni ya mphalapala kapena masheleni awiri a nkhwazi yogwira nsomba, zilibe siliva. Za ku South Africa, zija ankabwera nazo a ku Wenela, zinali ndi magawo 800 kuyambira 1923 mpaka 1950, kenako theka kuyambira 1951 mpaka 1964. Choncho katiki kakang'ono ka ku Joni ka 1940 kali ndi siliva, pamene half crown yaikulu ya Kamuzu ilibe ngakhale pang'ono. Kukula ndi kuyera sizikuuzani kanthu.

Kumpoto, makamaka chakumalire ndi Tanzania, kumapezeka marupiya a German East Africa a pakati pa 1890 ndi 1914. Ndi asiliva ndithu, olemera pafupifupi magalamu 11.7. Ndi amenenso amanenedwa kwambiri m'mphekesera zoti pali azungu ofuna kuwagula pa mamiliyoni, ena amati amakoka mpunga kapena singano, ena amati ali ndi mankhwala m'kati. Zonsezi ndi bodza lamkunkhuniza. Marupiyawa anapangidwa ochuluka kwambiri ndipo ogulitsa ndalama zakale m'maiko ambiri ali nawo. Munthu akakuuzani kuti pali wogula amene akudikira, koma mupereke kaye ndalama yoyezera kapena ya thiransipoti, mutsekereni chitseko. Mwambi uja wakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere umanena za anthu otere.

Pa mendulo kapena ndalama yamakono, yang'anani zolembedwa m'mbali kapena m'mphepete. Nambala 999 ikutanthauza siliva pafupifupi yekhayekha, 925 ndi uja amamutcha sterling, ndipo mungapezenso 900, 800 kapena 500. Mukaona mawu akuti silver plated, silver clad, layered kapena zilembo EPNS, dziwani kuti ndi chitsulo china chongokutidwa. Mawu akuti German silver ndi nickel silver ndi onyenga kwambiri, chifukwa m'chitsulo chimenecho mulibe siliva ngakhale kadontho.

Kuyeza pakhomo

Zida zofunika n'zochepa: maginito amphamvu, kasikelo ka batire koonetsa magalamu mpaka manambala awiri pambuyo pa kadontho, rula kapena kachipangizo koyezera m'lifupi, ndi galasi lokuza zinthu. Maginito mungawachotse mu sipika yakufa. Siliva sakokedwa ndi maginito, choncho chimene chamatirira chalephera kale mayeso. Koma chimene sichinamatirire sichinapambane ayi, pakuti mkuwa nawonso sukokedwa. Mayeso enieni ndi kulemera ndi kukula. Ndalama iliyonse ili ndi muyezo wake wodziwika: crown ya ku Britain ndi magalamu 28.28, half crown 14.14, florin 11.31, sheleni 5.66. Yakale yoperepeseka imatsikako pang'ono, koma yosiyana ndi galamu yathunthu kapena yonenepa modabwitsa ndi yokayikitsa. Anthu opanga zachinyengo amavutika kuti kulemera, m'lifupi ndi kunenepa zigwirizane zonse pamodzi, chifukwa siliva ndi wolemera kuposa mkuwa ndi chitsulo. Kumbukirani kuti za ku Britain za pambuyo pa 1946 zimalemera chimodzimodzi ndi zasiliva, ndiye sikelo iyendere limodzi ndi chaka.

Miyezo ya ndalama pafupifupi zonse mungaipeze pa foni yanu pa tsamba la Numista, kapena m'buku lalikulu lotchedwa Standard Catalog of World Coins, limene limapatsa ndalama iliyonse nambala yoyamba ndi zilembo KM. Mukadziwa nambala imeneyi mumalankhula chimodzi ndi wogulitsa aliyense padziko lapansi.

Ena amayeza poiika ndalama pa nsonga ya chala n'kuigogoda pang'ono. Siliva amalira motalika ndi mokoma, chitsulo wamba chimangoti gwa. Izi mungachite ndi ndalama yakale yoyendayenda basi, osati ya proof. Zoikanda ndi mpeni, kuipala ndi tupa kapena kuidonthezera asidi musayerekeze. Mudzadziwadi kuti ndi siliva, koma mutaononga chimene chinali ndi mtengo.

Musatsuke

Ngati pali langizo limodzi loti muligwire pa zonse zimene ndalemba, ndi limeneli. Kwathu kuno tinaleredwa kuti chiwiya chakuda ndi chamanyazi, ndipo dzanja limayabwa tikaona mendulo yada. Koma ndalama si poto. Phulusa, mchenga, mandimu, viniga, soda, mankhwala otsukira mano, Brasso ndi waya wokwechera mapoto, zonsezi zimachotsa khungu lapamwamba la chitsulo n'kusiya timizere tosawerengeka. Maso anu aona kuwala, koma wogula wodziwa akangoika galasi aona kuti yakwechedwa, ndipo mtengo utsika kwambiri, nthawi zina mpaka kungotsala wa siliva yekha. Kuwala kwa ku fakitale kukachoka sikubwereranso, ngakhale mutatani.

Kuda kwa siliva si dzimbiri lodya chitsulo monga la khasu. Ndi kakhungu kopyapyala kamene kamabwera siliva akakumana ndi sufule wa mu mpweya. Kamayamba ngati golide, kenako kofiirira, kabuluu, mpaka kuda. Osonkhanitsa ambiri amakakonda, chifukwa kamasonyeza kuti palibe amene anaiseweretsa ndalamayo.

Ngati ndalama ili ndi dothi lenileni, monga yotoledwa m'munda, iviikeni m'madzi oyeretsedwa aja amagulitsa othira m'mabatire a galimoto. Onetsetsani kuti botolo lalembedwa distilled water, osati asidi wa batire. Isiyeni usiku wonse, itsukuluzeni ndi madzi ena otero, kenako iikeni pa kansalu kofewa kathonje n'kuipsinja pang'onopang'ono mpaka iume. Osaipukuta mokhula. Ikakhala ndi zonanda zobiriwira zochokera ku pulasitiki, acetone weniweni wa ku hadiweya amachotsa popanda kuononga siliva. Mugwiritse ntchito panja, kutali ndi mbaula, kandulo ndi ana, ndipo musalowetse m'malo mwake mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo chifukwa amakhala osakaniza ndi mafuta onunkhira. Kupitirira apa, isiyeni momwe ilili.

Pogwira, gwirani m'mphepete ndi zala ziwiri, mutasamba m'manja n'kuumitsa. Chidindo cha chala chikakhala pa ndalama ya proof chimalowerera ndipo sichichoka. Yalani thaulo patebulo kuti ikapulumuka isagwere pa simenti. Musalankhule mutaiyandikiza kukamwa, pakuti timalovu timasiya madontho amene amadzaoneka patapita miyezi.

Seti yomatidwa ku fakitale musaitsegule. Ana adzafuna kukhudza, ndipo n'zomveka. Apatseni makobidi oyendayenda kuti azigwira mmene angafunire, koma seti aziionera m'pulasitiki mwake. Sungani katoni, kabokosi ndi kapepala kalikonse kamene kanabwera nayo, chifukwa seti yopanda zimenezi imatsika mtengo.

Kosungira

Adani a siliva pakhomo ndi chinyezi ndi sufule. Kuyambira Novembala mpaka Epulo nyumba zathu zimakhala zonyowa, ndipo a ku Mulanje, Thyolo ndi Nkhata Bay akudziwa momwe nsapato zimachitira nkhungu m'kabati. Utsi wa makala, wa nkhuni ndi wa nyali ya palafini umadetsa siliva msanga, choncho kukhitchini ndi chipinda choyandikana nako si malo ake. Labala ndi woipa kuposa zonse. Malegeni ndi timalabala tomangira ndalama zapepala timasiya mzere wakuda wosachoka. Nyuzipepala, maenvulopu akhaki ndi nsalu za ubweya nazonso zimadetsa. Pulasitiki wofewa wonunkha, wa mtundu wa PVC, amatulutsa mafuta amene amasanduka zonanda zobiriwira n'kudya chitsulo.

Chabwino kwambiri ndi timakapusozi tolimba toonekera, kamodzi pa ndalama iliyonse, kapena timakatoni tokhala ndi windo loonekera timene ogulitsa amatitcha 2x2. Sitipezeka wamba m'masitolo athu, ndiye muitanitse kwa wachibale wobwera kuchokera ku Johannesburg kapena ku Britain. Podikira, timatumba tating'ono totseka tokha tija amaikamo mapilitsi kuchipatala tingathandize, bola tikhale tatsopano ndi touma, ndalama imodzi pa kathumba. Chachikulu n'choti ndalama zisakhudzane. Zikamagubuduka pamodzi m'chitini zimakandana tsiku lililonse mukasuntha chitinicho.

Zonse muziike m'kontena yapulasitiki yolimba yotseka bwino, ngati zosungira zakudya zija. Muponyemo timapaketi ta silica gel timene timabwera m'mabokosi a nsapato ndi m'mabotolo a mankhwala. Timeneti timakhuta chinyezi, choncho muzitisintha kapena kutiumitsa pa moto wochepa wa uvuni dzinja lisanayambe. Kontenayo isakhale pansi pa simenti kapena kutsamira khoma lakunja. Muziitsegula kawiri kapena katatu pachaka kuti muone ngati zonse zili bwino.

Za akuba ndinene mwachidule. Musamaonetse zimene muli nazo kwa mlendo aliyense, musaike zithunzi pa Facebook zosonyeza nyumba yanu, ndipo zamtengo wapatali zisakhale malo amodzi ndi zina zonse.

Kope

Gulani kope lachikuto cholimba. Pa chinthu chilichonse lembani dziko, chaka, mtengo wolembedwapo, chitsulo, kulemera, mmene chikuonekera, kumene munachipeza, tsiku ndi ndalama zimene munalipira. Jambulani mbali zonse ziwiri ndi foni. Chikakhala chochokera m'banja, lembani mbiri yake momwe akuluakulu akufotokozera: anabwera nacho ndani, ankagwira ntchito mgodi uti, anabwerera chaka chiti. Chitani zimenezi iwo adakali moyo. Tiki wa 1940 alipo wambiri padziko, koma amene anabwera m'thumba la agogo anu ndi mmodzi yekha, ndipo popanda kope mdzukulu wanu sadzamusiyanitsa ndi ena.

Mamendulo a nkhondo ndiwaike padera. Asilikali a King's African Rifles ochokera kuno anamenya nkhondo yoyamba yapadziko lonse kum'mawa kwa Africa, ndipo pa yachiwiri anafika mpaka ku Burma. Chipilala chowakumbukira chili ku Zomba. Mendulo yotchedwa British War Medal ya 1914 mpaka 1920, ya nkhope ya mfumu George V, ndi yasiliva, ndipo m'mphepete mwake munadindidwa nambala, dzina ndi gulu la msilikaliyo. Tengani galasi muwerenge. Mungapeze dzina la agogo a bambo anu lolembedwa pa chitsulo, mwina malo okhawo padziko pamene linalembedwapo. Mamendulo ambiri a nkhondo yachiwiri, monga Burma Star ndi Africa Star, si asiliva ndipo analibe maina, choncho kope lanu ndi limene lidzanene mwini wake. Mamendulo a munthu mmodzi akhale pamodzi, musawagawane pa maliro ngati mbale, ndipo kansalu kakale musakataye ngakhale katatha. Kwa ine, mendulo yotere si yogulitsa, zivute zitani.

Pogula

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anthu ambiri anayamba kufunsa za zinthu zosungiramo chuma. Siliva angathandizeko, koma pali kusiyana pakati pa kugula siliva ndi kugula mendulo yachikumbutso. Mtengo wa siliva padziko lonse umanenedwa m'madola pa troy ounce, imene ndi magalamu 31.1, ndipo umasintha tsiku lililonse. Musanagule chilichonse werengerani siliva amene ali m'katimo. Mendulo ya 925 yolemera magalamu 28.28 ili ndi siliva wokwana magalamu 26.2, amene ndi 0.84 ya ounce. Half crown ya ku Britain ya 1935 ili ndi magalamu 7.07 okha. Chulukitsani ndi mtengo wa tsikulo, ndipo mwapeza mtengo wa chitsulo chokha. Ndalama iliyonse imene mukulipira pamwamba pa apo mukulipirira kukongola, kusowa kwake ndi phindu la wogulitsa. Tsiku lodzagulitsa, yapamwambayo ndi imene imavuta kubwerera.

Za ku America zikutiphunzitsa. Kampani ya Franklin Mint inagulitsa mamendulo asiliva ochuluka zedi m'zaka za m'ma 1970, m'mabokosi okongola, ndi mapepala otsimikizira, anthu n'kumalipira mwezi ndi mwezi. Lero ambiri mwa maseti amenewo amagulidwa pa mtengo wa siliva wake basi, ndipo ochuluka anasungunulidwa. Chinthu chimene chinapangidwira kusungidwa aliyense amachisunga bwino, ndiye sichisowa. Mawu akuti limited edition asakutengeni mtima musanafunse kuti zinapangidwa zingati komanso ndani akuzifuna lero. Pepala lotsimikizira nalo ndi pepala chabe, wosindikiza aliyense angalipange. Siliva yemwenso mtengo wake sukhazikika. Mu Januwale 1980 unafika pafupifupi madola 50 pa ounce, koma pofika kumapeto kwa Malichi chaka chomwecho unali utagwera pafupi ndi madola 11. Ndalama ya feteleza kapena ya fizi isalowe mu zimenezi.

Ngati cholinga chanu ndi siliva yekha, gulani ndalama zodziwika za ounce imodzi zopangidwa ndi mafakitale a boma, monga Britannia ya Royal Mint ku Wales, Krugerrand yasiliva ya ku South Africa imene inayamba mu 2017, kapena Silver Eagle ya ku America. Zimagulitsidwa pa mtengo woyandikira wa chitsulo ndipo wogula aliyense amazidziwa. Ngati cholinga ndi kusonkhanitsa, sankhani mutu umodzi n'kukakamira pomwepo: ndalama za Malawi zokha, za maiko atatu a chitaganya, za Zambia kuyambira pamene anayamba kwacha ndi ngwee mu 1968, kapena zonse zokhala ndi mbalame. Wogula chilichonse chowala amathera ndi mulu wopanda mutu. Ndi bwino kugula chimodzi chooneka bwino kusiyana ndi zisanu zoperepeseka, zoboola kapena zowotcherera kuti zikhale ndolo.

Ndalama zodula kwambiri zimatumizidwa ku makampani monga PCGS ndi NGC, amene amaziyeza, kuzipatsa giredi kuyambira 1 mpaka 70 n'kuzimata m'kabokosi kokhala ndi nambala. Nambalayo mungaifufuze pa intaneti musanalipire, chifukwa timabokosi tachinyengo tiliponso. Pa makobidi wamba a pakhomo musataye ndalama ndi zimenezi, mtengo woyezetsa ungapose wa khobidilo.

Chaka chakale pachokha sichikweza mtengo. Pali ndalama yaikulu yasiliva ya Maria Theresa imene inkayenda kwambiri ku Ethiopia ndi ku Arabia. Yalembedwa 1780, koma yakhala ikudindidwa ndi chaka chomwecho kwa zaka zoposa 200, ndipo ambiri amene ali nayo ali ndi yaposachedwa. Chimene chimakweza mtengo ndi kuchepa kwa zimene zinapangidwa, maonekedwe ake lero, ndi kuchuluka kwa anthu ozifuna.

Mukafuna kugulitsa

Musagulitse tsiku limene wogula wabwera. Muuzeni abwerenso sabata yamawa, ndipo wokana kudikira akudziwa chimene inu simukudziwa. Fufuzani nambala ya KM, werengerani siliva, kenako onani pa intaneti mitengo imene zofanana nazo zinagulidwadi. Pa eBay pali posankha kuti muone zokhazo zimene zinagulidwa. Mitengo imene anthu amangolemba poitanira malonda ndi imene imapengetsa anthu m'mabanja, pakuti aliyense angalembe miliyoni pa khobidi loboola. Funsani ogula awiri kapena atatu, kumanani pamalo poonekera masana, ndipo musalole kuti wina apite nacho chinthu chanu kukachionetsa kwa bwana wake. Wogula zitsulo zosungunula amalipira kulemera kokha, choncho kwa iye kupite zoonongeka zokhazokha. Musanatumize mendulo kapena chinthu china chakale kunja kwa dziko, funsani ku dipatimenti yoona za malo osungira zinthu zakale ndi zipilala, chifukwa dziko lathu lili ndi lamulo loteteza zinthu za mbiri yakale.

Zikakhala za malemu, banja likhale pansi lisanagawe. Werengani zonse pamaso pa aliyense, zilembeni m'kope, ndipo mugwirizane amene azisunga m'malo mwa onse. Inunso amene mwayamba kusonkhanitsa, lembani kutsamba lomaliza la kope dzina la mwana kapena mdzukulu amene adzazitenge, muonetseni mmene amagwirira m'mphepete, ndipo muuzeni momveka bwino kuti asadzazikweche.